Kompyuta Sidziwa Maliro

Sajeni Malumbo Chavula anali asanakhale n'komwe pampando pamene mtsikana wina analowa mu ofesi osaodira, n'kuika mbale ya mbatata yootcha patebulo ngati ndi pakhomo pa amayi ake.

"Iyi ndi ya Eneya, amene munam'tsekera dzulo uja," anatero mtsikanayo. "Ine ndine Lily, chibwenzi chake. Loweruka tili ndi chinkhoswe."

"Loweruka lake liti?"

"Lomwe lino, amayi, mkucha. Nkhuku tagula, chimera cha thobwa tapera. Koma amalume anenetsa kuti mwana wawo sangam'pereke kwa wakuba. Eneya akagonanso muno mawa, basi, nkhuku zija tidya tokha."

Ananena zimenezi maso ali gwa, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe, ndipo Malumbo anam'konda pomwepo. Sajeniyu anali mayi wamtali wa ku Rumphi, woseka mokweza, amene anakhalitsa pa Phalombe mpaka kumamva Chilomwe cha anthu omunyoza kumsika. Milandu ya mbuzi, ya njinga ndi ya ndewu za pamowa anali atailawa yonse. Koma uwu unali wachilendo, abale. Lachiwiri masana mota yatsopano inasowa pa fakitale yoyenga mafuta a mpendadzuwa, ija ili m'mbali mwa msewu wopita ku Fort Lister, ndipo bwana wa fakitaleyo anabwera yekha kupolisi ndi Eneya, mmodzi mwa oyendetsa makina ake, n'kunena kuti mboni ali nayo, ndipo mboniyo ndi kompyuta.

"Mbatatayi imufika," anatero Malumbo, akunyema kachidutswa. "Ndikungoona ngati mulibe mpeni."

Eneya anali mnyamata wa mapewa aakulu koma wolankhula ngati akupepesa. Atam'tulutsa m'chitokosi anaima manja ali kumbuyo.

"Makina ako unazimitsa Lachiwiri?" anafunsa Malumbo.

"Ndinazimitsa, bwana. Sindingakane."

"Chifukwa?"

"Pamsewu pankadutsa maliro, bwana. Ndinatuluka, ndinavula chipewa. Ndiye ndikuona onyamula bokosi ndi ochepa, ambiri achikulire, kutsogolo kuli mtsinje ndi chitunda. Ndinangoika phewa."

"Mpaka kuti?"

"Mpaka kumanda, bwana. Ndinafuna kusiyira pamtsinje, koma panalibe wondilandira."

"Maliro a ndani?"

Eneya anakanda m'mutu. "Pepani, bwana, sindinafunse. Anali anthu a kutsidya."

Ha! Munthu kunyamula mtembo mpaka kumanda osadziwa dzina lake, kenako n'kudzafuna kuti wapolisi akhulupirire. Malumbo anapukusa mutu, anapempha njinga yamoto, ulendo wa kufakitale.

* * *

Bwana Davison anam'landira pageti ndi manja awiri. Anali bambo wamfupi wa tayi yofiira, wa ku Blantyre, ndipo kompyuta yawo ankaikonda kuposa mmene anthu ena amakondera ana obereka okha. Inali itabwera chaka chatha kuchokera ku Joni, ndipo ankaifunditsa nsalu ya zingwe yoluka akazi awo.

"Taonani apa, Sajeni, muone chitukuko," anatero akuvundukula. "Makina tili nawo atatu, aliwonse m'chipinda chakechake. Kuchokera ku makina aliwonse kukubwera waya mpaka muno. Chimene chikuchitika uko, ine ndikuchiona pano nthawi yomweyo, ndili pampando, tiyi ali m'manja. Kale munthu ankandinamiza kuti wagwira ntchito tsiku lonse. Lero? Iiii, zinatha zimenezo!"

Pagalasi la kompyutayo panali mizere itatu ikuyenda pang'onopang'ono kulowera kumanja. Wofiira unali utagona pansi, phee. Wobiriwira ndi wachikasu inkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati mano a sowo.

"Wofiirawo ndi wa Eneya, wagona chifukwa mwini wake ali kwa inu. Wobiriwira ndi wa Martha, wachikasu ndi wa Rodney. Manambala ali pakonawa ndi maperesenti. Makina akamayenda osaimaima, maperesenti amakwera, ndiye kuti munthuyo ndi wolimbikira."

"Nanga kudumphadumphaku?"

"Munthu akathira ndowa ya mpendadzuwa, makina amalemedwa, mzere umakwera. Ndowa ikatha, umatsika. Sayansi imeneyo, Sajeni."

Anadinadina mabatani n'kubweretsa Lachiwiri. Masana a tsikulo mzere wofiira unagwa pansi n'kukhala komweko pafupifupi ola lathunthu. Wobiriwira unagwa kanthawi kochepa n'kudzukanso. Wachikasu sunagwe ngakhale pang'ono.

"Mota inali m'chipinda cha katundu tikudya nkhomaliro, ndinaiona ndi maso angawa. Poweruka kunalibe. Kiyi imakhala pamsomali, onse atatu amaitenga akafuna girisi. Ndiye ndani anachoka pa makina ake nthawi yokwana kunyamula mota? Kompyuta yayankha kale."

"Eneya akuti ananyamula maliro."

"Kompyuta sidziwa maliro, Sajeni. Imadziwa makina oyenda ndi makina oima, basi."

"Inuyo munali kuti?"

A Davison anatsokomola. "Ndinapita ku boma kukameta. Ndiye ubwino wake umenewo, iyo imaona ngakhale ine kulibe."

Pakhoma panali chithunzi cha mnyamata wa mano oyera atagwira njinga yatsopano, a Davison akum'gwira chanza.

"Ameneyo ndiye Rodney, katswiri wathu. Maperesenti ake sanafikidwepo. Njingayo tinam'patsa ngati mphoto. Akanakhala atatu otere, bwenzi mafuta athu akudyedwa ku Lilongwe."

Malumbo anayang'ananso mzere wachikasu wa Lachiwiri uja. China chake chinkamuyabwa pamenepo, koma sanathe kuloza kuti n'chiyani.

* * *

Martha anazimitsa makina ake atangoona yunifolomu, n'kuyamba kuyankha asanafunsidwe.

"Eee, amayi, mwachita bwino kubwera, ine tulo sindikugona ndi nkhani ya Eneya. Mwana uja angabe? Amene amabweza chenji kwa wogulitsa zitumbuwa? Ine Lachiwiri ndinamva nyimbo ili chapatali, ndinati ameneyo si ukwati ayi, ndinathamanga kukazimitsa. Nanga munthu ungasiye chiphokoso chotere mtembo ukudutsa? Ngakhale wailesi timatseka, wa njinga amatsika, wa minibasi amene samvera munthu aliyense uja amaima. Ndinatuluka, ndinagwada apo pamthunzi, atadutsa ndinabwerera."

"Mlonda anali kuti?"

"Pageti lakumaso, chipewa chili m'manja, ataweramitsa mutu. Kumbuyo kulinso kageti, koma kumeneko kumadutsa nkhuku zokha."

"Eneya munamuona?"

"Ndinamuona akutuluka. Kumene analowera sindinaone, ndinali nditagwada, ndipo ndinkalira pang'ono, ine maliro a aliyense ndimalira." Anatsitsa mawu. "Koma chimene chinandichititsa manyazi, amayi, ife tazimitsa awiri, a Rodney makina awo ali gu-gu-gu-gu! Anthu akuimba, iwo gu-gu-gu! Ndinati kaya maperesenti awa atipengetsa."

Chipinda cha Rodney chinali chakumapeto. Chinali ndi zenera lalikulu lopanda galasi loyang'ana kumsewu, ndi chitseko chotulukira kumbuyo. Mwini wake anali kuthira mpendadzuwa ndi ndowa mwachangu choonetsera, ndipo sanazimitse. Malumbo anachita kukuwa.

"Lachiwiri masana munali kuti?"

"Pompano, madamu! Musavutike ndi ine, kafunseni kompyuta!"

"Maliro munawaona?"

"Ine ndikakhala pa ntchito sindiyang'ana pawindo, madamu! N'chifukwa chake njinga anapatsa ine!"

Anamwetulira ngati pachithunzi paja. Malumbo anayang'ana zenera, anayang'ana msewu womwe unali pafupi moti munthu akanatha kulavulirapo, kenako anakweza maso kudenga. Pa mtanda umene unali pamwamba penipeni pa kamwa ya makina panali pamalo posalala, popanda fumbi, ngati pamene pamadutsadutsa chingwe. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma kugeti kunabuka phokoso loposa la makina.

"Ndikufuna mwini wake wa chigayo chopanda mwambochi! Atuluke!"

* * *

Anali mayi wonenepa wa duku lakuda, ambulera ili m'manja, ndipo mlonda anali atabisala kale kuseri kwa geti. A Davison anatuluka akukonza tayi.

"Mayi, ino si chigayo, ndi fakitale."

"Kaya ndi fakitale kaya ndi chiyani! Ine ndine Lenia, wa kutsidya kwa mtsinje. Lachiwiri tinadutsa pano ndi mlongo wanga, ulendo wake womaliza. Dziko lonse linakhala chete, mpaka agalu. Inu nokha gu-gu-gu! A kwaya ankachita kusowa mawu awo omwe! Ndadikira kuti anthu abalalike pa siwa, lero ndabwera mundiuze, mlongo wangayo anakulakwirani chiyani?"

Anapitiriza m'Chilomwe, ndipo zimene Malumbo anamvapo sizoti n'kulembedwa. A Davison anayamba kufotokoza za maperesenti, ambulera inakwera m'mwamba, iwo anabwerera m'mbuyo.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anatero Malumbo, atagwira mkono wa Mayi Lenia mwaulemu. "Palibe amene anapita pazenera kukam'pempha kuti azimitse?"

"Mkulu wa mpingo anakuwa, 'Odi! Odi kumeneko!' Osayankha. Ine ndinatola chibuma n'kugenda padenga. Osayankha. Munthu wake ndi wamwano kapena ndi gonthi?"

Apo m'pamene chija chinkamuyabwa Malumbo chinaonekera poyera. Anaseka mokweza mpaka Mayi Lenia anam'yang'ana moipidwa.

"Mayi, musapite. Bwana Davison, itanani Rodney abwere mu ofesi, koma makina ake asazimitse. Ndibwerekeniko Martha kanthawi."

Malumbo ndi Martha sanachedwe. M'chipinda cha Rodney, pansi pa mulu wa matumba opanda kanthu, anapeza thumba lina lalikulu lomangidwa chingwe kukamwa, ngodya imodzi yapansi itadulidwa bwinobwino ndi lumo. Awiriwo analidzaza mpendadzuwa, anaponya chingwe pa mtanda uja, n'kukoka mpaka thumba linalendewera pamwamba pa kamwa ya makina. Mpendadzuwa unayamba kutsika wokha, pang'onopang'ono, osadukiza.

"Mayo ine!" anatero Martha, manja ali m'chiuno. "Ife misana ikuthyoka ndi ndowa, kani mnzathu analemba thumba ganyu!"

* * *

Mu ofesi munadzaza. A Davison anali pampando wawo, Mayi Lenia pa benchi ambulera ili pamiyendo, Rodney ataima pafupi ndi chithunzi chake.

"Bwana Davison, tiuzeni, mzere wachikasu ukuti chiyani panopa?" anafunsa Malumbo.

A Davison anavala magalasi. "Ukuyenda bwino kwambiri. Taonani, maperesenti akukwera! Rodney akugwira ntchito yotamandi..." Anatembenuka, n'kupeza Rodney ali chiimire pambali pawo, manja ali m'thumba. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana Rodney, anavula magalasi.

"Mano a sowo aja ali kuti?" anafunsa Malumbo.

Kunalibe. Mzere wachikasu unali kuyenda mowongoka ngati chingwe choyanikapo zovala.

"Munandiphunzitsa nokha kuti ndowa ikathiridwa mzere umakwera, ikatha umatsika. Thumba lobooka silipuma, ndiye mzere wake sudumpha. Tabwezani Lachiwiri."

Chala cha a Davison chinadina batani. Lachiwiri m'mawa mzere wachikasu unali ndi mano ake onse. Itangotha nkhomaliro unawongoka, n'kukhala wowongoka nthawi yaitali kuposa imene wa Eneya unagona. Anabweza Lolemba, anapeza pena powongoka. Anabweza sabata yatha, mwezi watha, mwezi wa mphoto uja, monsemo munali mowongoka mokhamokha.

"Njinga yanga," ananong'ona a Davison. "Ndinapereka njinga kwa thumba."

Koma Rodney sanali munthu wogwa ndi kukankha kumodzi. Kumwetulira kuja kunabwerera.

"Thumbalo ndi langa, madamu, sindikana. Ndi nzeru zanga zopumitsira msana. Kodi nzeru ndi mlandu? Ndimapachika, n'kukhala pansi pomwepo kuyang'anira makina. Lachiwiri sindinasunthe. Alipo anandiona ndikutuluka?"

Panalibe, ndipo Malumbo anadziwa kuti apa mnyamatayo waponda pouma. Kompyuta inkanena kuti ndowa sinagwire ntchito, koma sinkanena kumene munthu anali. Anadziwanso kuti akatuluka muno ndi thumba lokha, a Davison achotsa Rodney ntchito chifukwa cha ulesi, koma Eneya agonanso m'chitokosi. Anakhala pakona ya tebulo n'kulankhula mofatsa ngati akucheza.

"Chabwino, a Rodney, ndakumvani. Munali pomwepo, mutakhala pansi, manja opanda ntchito, zenera lili pamaso panu. Ndilembe choncho?"

"Lembani, madamu."

"Ndiye kuti nyimbo munaimva, bokosi munaliona, mkulu wa mpingo anakuodirani, chibuma chinagwa padenga, inu n'kungokhala, osatambasula dzanja kuzimitsa. Mayi Lenia, munthu amene munkam'funa uja ndi ameneyu. Wavomera yekha."

Mayi Lenia anaimirira pang'onopang'ono. Anayandikira, anam'yang'ana mnyamatayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Dikira kaye. Iwe si mwana wa a Ida, a ku Chiwalo, aja amagulitsa mphasa?"

Kumwetulira kwa Rodney kunathawa.

"Ndi iweyo! Mphuno ndi yomweyo. Amayi ako anagona pa siwa pathu masiku awiri, anatunga madzi, analira nafe mpaka mawu kutha. Ndiye mwana wawo anakhala pawindo kumaonerera mlongo wanga ngati mpira? Chabwino. Lamulungu ndikwera matola mpaka ku Chiwalo. Ndikawauza amayi ako, ndikawauza amalume ako, ndikaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. Tidzaone tsiku limene kwanu kudzagwe zovuta ngati adzukulu adzagwire khasu."

"Mayi, chonde..."

"Usanditche mayi! Unalipo kapena kunalibe?"

Mu ofesi munangomveka gu-gu-gu wa makina akutali aja, thumba likugwira ntchito yake mokhulupirika. Thukuta linatsika pamphumi pa Rodney. Malumbo anam'mvera chisoni pang'ono, chifukwa ankaona munthu akuyeza zinthu ziwiri zolemera, ndende mbali ino, mudzi wonse mbali inayo. Sanayeze nthawi yaitali.

"Kunalibe!" anakuwa Rodney, n'kugwada pansi. "Mulungu akuona, mayi, kunalibe! Ndikanakhalapo ndikanazimitsa, ndikanatuluka, ndikananyamula nawo! Ine wakuba inde, koma kusiya makina akulira maliro akudutsa, ayi, amayi anga sanandilere choncho!"

"Mota ili kuti?" anafunsa Malumbo.

"M'munda wa nandolo, kuseri kwa chulu, ndinaikwirira ndi mapesi. Wachigayo wina amati adzaitenga Lamulungu. Ndinatulukira kageti kakumbuyo nkhomaliro itangotha, maliro asanafike."

"Mota yolemera ija unanyamula pamutu?"

Rodney anayang'ana chithunzi chapakhoma, n'kuwerama.

"Pa njinga yanga!" analira a Davison.

Mayi Lenia anakhalanso pa benchi, anapumira m'mwamba, nkhope yawo n'kumasuka.

"Basi, mtima wanga wakhala pansi," anatero. "Ndimaganiza kuti ndi mwano, kani ndi kuba chabe. Dzuka, mwana wa a Ida. Kundende ndidzakutumizira chinangwa."

* * *

Dzuwa lisanapendeke mota inali itafika kupolisi, ili ndi mapesi m'mabowo, ndipo Rodney analowa m'chitokosi momwe Eneya ankatulukamo. Awiriwo anapatsana moni pakhomo, poti chizolowezi sichifunsa malo. A Davison anagwira dzanja la Eneya nthawi yaitali, akupepesa m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, n'kulonjeza malita a mafuta ophikira pa chinkhoswe.

Lily anali pakhonde kuyambira m'mawa. Ataona Eneya sanathamange, sanakuwe. Anangom'yang'ana n'kunena kuti, "Wanunkha. Tiye ukasambe, amalume akudikira." Kenako anatembenukira kukhoma, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, ndipo Malumbo anayang'ana kumbali kuti mtsikanayo alire momasuka.

Mayi Lenia anali atabwera nawo pa galimoto ya fakitale kudzapereka umboni. Potuluka anaima pamaso pa Eneya, anatsinzina diso limodzi.

"Iwe, tatembenuka." Eneya anatembenuka. "Mapewa awa ndikuwadziwa. Si iwe unagwira kutsogolo kumanzere, pamtsinje paja, madzi akufika m'mawondo? Wa ovolosi yabuluu?"

"Ndine, mayi. Pepani, sindinatsanzike."

"Takhala tikufunsana pa siwa kuti mwana uja ndi wa ndani. Unam'kweza mlongo wanga chitunda chonse chija, osadya, osamwa ngakhale madzi, kenako anthu awa n'kukutsekera?" Analoza Malumbo ndi ambulera, Malumbo n'kuvomera ndi mutu kuti mlandu umenewo ndi wake. "Dzina lake unalidziwa?"

"Ayi, mayi."

"Anali Chance. Ankaimba ng'oma ya tchopa, ndipo panalibe chinkhoswe kutsidya konse chimene chinkatha iye asanagwetse anthu ndi kuvina." Anakonza duku. "Akuti Loweruka ndi lako?"

"Ngati amalume ake avomere, mayi."

"Avomera. Ndikupita nawe konko pompano, akandiuze pamaso panga kuti munthu amene ananyamula mlongo wanga sayenera mwana wawo. Ine Loweruka sindibwera, ndikadali pa maliro. Koma ng'oma yake ili m'nyumba, yangokhala. Utumize munthu adzaitenge, ikalire kwanu."